Akandifunsa Kuti Ndikufuna Malipiro Angati, Ndiyankhe Bwanji?

"Mayi, ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndikukhala ku Rosettenville kuno ku Joni. Ndili ndi dipuloma ya akaunti yomwe ndinatenga ku Blantyre, ndipo kwa zaka zinayi ndakhala ndikugwira ntchito mu ofesi ya holoselo ina m'tauni muno, kulemba ma invoice ndi kulondoloza ngongole. Ndimalandira R7,500 pamwezi. Mapepala anga ali bwinobwino. Mwezi watha ndinaitanidwa ku intavyu, zonse zinayenda bwino mpaka pamene anandifunsa kuti ndikuyembekezera malipiro angati. Mutu unaima. Ndinangoti chilichonse chomwe angandipatse ndilandira. Sanandiimbirenso. Lachinayi likudzali ndili ndi intavyu ina ku Midrand, ntchito ya creditors clerk. Ndikuopa kutchula zambiri n'kuoneka wadyera, ndikuopanso kutchula zochepa n'kudzipweteka ndekha. Ndithandizeni."

Achemwali anga, mtima m'malo. Ndagwira ntchito yolemba anthu ntchito kuno ku Joni kwa zaka 14, ndipo yankho lomwe munapereka ndalimva kambirimbiri, makamaka kwa anthu akwathu. Musadzigamule kuti ndi lomwelo linakulepheretsani. Nthawi zina ntchito amakhala kuti aisungira munthu wam'kati momwemo, nthawi zina akuluakulu amangoiimitsa ndalama zikavuta. Koma poti mwandifunsa, ndikuuzani mosabisa: yankho limenelo silikuthandizani, ndipo Lachinayili lisatulukenso pakamwa panu.

Ndikudziwa kumene limachokera. Tinaleredwa kuti pamaso pa akulu sutchula mtengo wako, umalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Pamwamba pa apo tili m'dziko la eni, ndipo mumtima timangoti mlendo ndi mame, ndisavute, angandibweze. Koma taganizirani mayi wogulitsa kachewere pa Lizulu kwanu konko. Basi ikaima, kodi amathamangira pawindo n'kunena kuti "mupereke chilichonse"? Ayi. Amatchula mtengo wa ndowa, wogula amanenerera, iye amatsitsa pang'ono, koma pali pena pamene amati "apa ayi bwana, ndiluza," n'kubweza ndowa yake pamutu. Palibe amene amamunena kuti ndi wamwano. Amadziwa zomwe feteleza anamudyera. Luso limenelo tonse tili nalo, kungoti timalisiya pakhomo tikamalowa mu ofesi.

Ndikuuzeni mmene mawu oti "chilichonse" amamvekera kwa ife okhala mbali inayi ya tebulo. Inu mumati ndasonyeza ulemu. Ife timamva munthu amene sadziwa mtengo wa ntchito yomwe akufunsira, mwinanso munthu amene zamuthina moti alandira lero n'kutisiya pakatha miyezi itatu akaona kuti ndalamazo sizikumufikitsa kumapeto a mwezi. Kwa inu vutoli ndi lalikulu kuposa kwa ena, chifukwa creditors clerk ntchito yake ndi yokangana ndi manambala. Mudzakhala mukuimbira foni ogulitsa katundu n'kuwauza kuti sitetimenti yawo yasiyana ndi mabuku athu ndi R3,000, ndipo sitilipira mpaka atumize invoice yolondola. Bwana amene akufuna munthu wotere akaona mukulephera kutchula nambala yokhudza inu mwini, amayamba kukayika ngati mudzalimbe pa ndalama za kampani.

Inenso ndinadutsa momwemo. Nditangofika kuno ndinapeza ntchito pa kampani ina yaing'ono, ndipo atandifunsa funso lomweli ndinayang'ana pansi n'kunena kuti iwo ndi amene akudziwa. Patatha chaka, tsiku lina mnzanga amene tinkakhala naye desiki imodzi, ntchito yofanana, tinayambanso mwezi umodzi, anasiya payslip yake pamakina okopera mapepala. Pokamupatsira ndinaona nambala. Ankandiposa ndi ndalama zokwanira lendi yanga yonse. Ndinapita kuchimbudzi kukalira. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti palibe amene anandibera: iye anatchula nambala, ine sindinatchule. Ndipo poti chaka chilichonse amakweza ndi maperesenti pa zomwe ukulandira kale, kusiyana kumeneko kunkangokulirakulira. Malipiro oyambira ndi maziko. Akakhala otsika, zonse zomanga pamwamba pake zimatsika nawo.

Dziwani ichi: asanalengeze ntchito, makampani ambiri amakhala atagwirizana kale ndalama zomwe angalipire pa mpando umenewo, poyambira ndi pothera. Wokufunsaniyo nambala ali nayo papepala kapena m'mutu. Akufuna kumva ngati yanu ikugwera m'kati mwa yake. Sikuti akukuyesani khalidwe.

Tsono nambala yanu muipeza bwanji? Choyamba, musaiwerengere mu makwacha. Umenewu ndi msampha womwe wagwira anthu akwathu ambiri. Munthu amamva R8,000, amatenga foni n'kuchulukitsa, amaona masauzande mazanamazana a makwacha, mtima n'kunena kuti ndalemera. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse imaoneka yonenepa ukaiyang'ana ndi maso akumudzi. Koma lendi ya ku Rosettenville simulipira makwacha. Magetsi, ufa, yunifolomu ya ana, zonse ndi marandi. Zomwe mumatumiza kumudzi pa Mukuru ndi zotsala, ndiye muwerengere kuchokera kuno.

Tengani kope usiku uno. Lembani lendi, magetsi, chakudya, sukulu, womuyang'anira mwana, zotumiza kwanu, ndi kangachepe kosunga. Kenaka thiransipoti, ndipo apa mukhalepo nthawi. Panopa mukukwera takisi imodzi kupita m'tauni. Ku Midrand mudzafunika ziwiri popita, ziwiri pobwera: kuchoka ku Rosettenville kulowa m'tauni, kenaka ina yopita ku Midrand, mwinanso kaulendo kena kuchoka pomwe yakutsitsani kukafika pageti. Ngati mungakwere Gautrain pa Park Station mufika msanga koma thumba limva. Lachinayilo sungani m'mutu ndalama iliyonse yomwe mwalipira panjira, muchulukitse ndi masiku 22. Ndaona anthu akusangalala kuti awawonjezera R1,500, kenaka n'kupeza kuti yonse ikuthera kwa madalaivala, iwo akudzuka 4 koloko m'mawa n'kumafika kunyumba ana atagona. Zonse mukaphatikiza, mwapeza nambala ya "apa ayi bwana, ndiluza." Imeneyi ndi yanu ya mumtima, simuitchula mu intavyu. Musawauzenso kuti mukufuna zakutizakuti chifukwa muli ndi ana awiri ndi amayi odwala kumudzi. Zimenezo n'zoona ndipo n'zolemera, koma kampani imalipira ntchito, silipira mavuto.

Nambala yomwe mutchule ichokere pamsika. Lowani pa PNet, Careers24, CareerJunction, Indeed kapena LinkedIn, lembani dzina la ntchitoyo ndi Gauteng. Zolengeza zambiri zimangoti "market related", zidumpheni, koma mupeza zina zomwe zalemba ndalama. Sonkhanitsani khumi, muone zomwe zikufuna zaka zofanana ndi zanu, ndipo muone pomwe zambiri zaunjikana. Makampani olemba anthu ntchito monga Michael Page ndi Robert Walters amatulutsanso chaka ndi chaka mabuku oonetsa malipiro a ntchito zosiyanasiyana, ngakhale kuti manambala awo amatsamira ku makampani akuluakulu a ku Sandton. Ndipo funsani anthu. Safunsa anadya phula. Kutchalitchi kwanu kapena m'gulu la chipereganyu simungalephere kupeza wina wogwira mu akaunti. Musamufunse kuti "mumalandira zingati", ambiri amachita manyazi. Mufunseni kuti "munthu wa zaka zinayi pa ntchito yotere kwanuko amayambira pati?" Ena amaopa kuti kukamba za malipiro n'kolakwa. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997, gawo 78, limapatsa wantchito ufulu wokambirana za kagwiridwe ndi malipiro a ntchito yake ndi anzake.

Tsopano pali chinthu chomwe chimagwetsa ngakhale anthu ophunzira kwambiri. Kuno akamatchula malipiro a mu ofesi, kawirikawiri amanena "cost to company", mwachidule CTC. Imeneyi si ndalama yolowa ku banki kwanu. Ndi zonse zomwe kampani ikuwononga pa inu: malipiro enieni, gawo lawo la provident fund kapena penshoni, gawo lawo la medical aid ngati ilipo, ndipo pena ngakhale 13th cheque, bonasi ya malipiro a mwezi umodzi pachaka, amaiwerengera momwemo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu panopa pa R7,500 mumapeza R90,000 pachaka, ndipo m'chaka cha msonkho cha 2025/26 munthu wosafika zaka 65 ankayamba kudulidwa msonkho akadutsa R95,750 pachaka. Ndiye kuti pa payslip yanu simunaonepo PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, mumangoona UIF, inshuwalansi yothandiza munthu ntchito ikatha, ya 1 peresenti, R75 basi. Mukakwera zisintha. Tiyerekeze akupatsani R14,000 pamwezi. Pachaka ndi R168,000. Msonkho wa 18 peresenti ndi R30,240, kuchotsapo R17,235 yomwe SARS, bungwe lotolera msonkho, inkakhululukira aliyense m'chaka chimenecho, kutsala R13,005, pafupifupi R1,084 pamwezi. UIF ndi R140. Mwatsala ndi R12,776 tisanakhudze penshoni ndi medical aid. Ngati R14,000 ija inali CTC ndipo zimenezi zili m'kati mwake, zofika m'manja zitha kutsika ndi masauzande ena. Manambala a msonkho amasintha ndi bajeti ya boma, choncho onani atsopano pa tsamba la SARS, koma kawerengedwe kake ndi komweko. Chotero nambala iliyonse ikatchulidwa, yanu kapena yawo, funsani: kodi imeneyi ndi CTC, ndi basic, kapena ndi yofika m'manja? Munthu wa akaunti akafunsa funso limeneli amakwera m'maso mwathu.

Tifike m'chipindamo. Funso labwera. Ngati labwera koyambirira, musanamve bwino za ntchitoyo, muli ndi ufulu wolibweza mwaulemu. M'Chingerezi chanu chomwe mumayankhula tsiku ndi tsiku, nenani kuti mungakonde kumva kaye kukula kwa ntchitoyo, ndipo funsani ngati pali ndalama zomwe kampani yakonzera mpando umenewu. Ambiri amakuuzani, makamaka ma ejenti. Akakuuzani, ntchito yapepuka: ngati zikugwirizana ndi kafukufuku wanu, nenani kuti zili m'kati mwa zomwe mumayembekezera, ndipo poona zaka zanu zinayi mukudziona chakumtunda kwake. Koma akakubwezerani mpirawo, musauponyenso kachiwiri. Kuzemba kawiri kumatopetsa. Tchulani.

Ine ndimalangiza kutchula manambala awiri oyandikana, wapansi akhale womwe mungaulandire ndi mtima woyera, chifukwa khutu la bwana limagwira wapansiwo. Tiyerekeze kafukufuku wanu wakuonetsani kuti ntchito zotere zikuzungulira pa R14,000 mpaka R17,000. Munganene kuti: "Poona ntchito zofanana ndi iyi kuno ku Gauteng, ndi zaka zinayi zomwe ndagwira ma invoice ndi ma reconciliation, ndikuyembekezera pakati pa R15,000 ndi R17,000 cost to company, malinga ndi zina zomwe zili mu phukusi." Osati R10,000 mpaka R20,000, kumeneko n'kunena "chilichonse" m'njira ina. Manambalawa ndangoyerekeza, anu atuluke m'kope lanu.

Mukatero, tsekani pakamwa. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Chaka chatha ndinafunsa mayi wina wa ku Mzimba, wodziwa ntchito yake bwino. Anatchula nambala yabwino ndithu, yomwe inali m'kati mwa zomwe tinakonza. Ine ndinaweramira papepala kuti ndiilembe, mnzanga anali kumwa madzi. Panadutsa kamphindi kochepa chabe popanda woyankhula. Ndinaona zala zake zikupotokola lamba wa chikwama, kenaka anati, "Koma ngakhale zochepera apo zilibe kanthu, ndikhoza kulandira." Anadzitsitsa yekha popanda womunenerera. Mnzanga uja analemba nambala yotsika. Chete wa mu intavyu nthawi zambiri ndi munthu akulemba basi. Ikani manja pamiyendo, pumani, werengani mumtima mpaka khumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Adzakufunsaninso zomwe mukulandira panopa, mwina adzapempha ndi payslip. Kuno chizolowezi chimenechi n'chofala kwambiri, ndipo ine sindimachikonda, chifukwa chimachititsa kuti amene anayamba motsika azingotsikabe kulikonse komwe apita. Palibe lamulo lokukakamizani kuulula, koma ma ejenti ena sapititsa CV patsogolo popanda payslip, ndiye muyeze nokha. Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse: musaname, ndipo musalole munthu akukonzereni payslip yabodza pa kompyuta. Amaimba foni kufunsa, ndipo bodza lotere likhoza kukuchotsetsani ntchito ngakhale patapita chaka, makamaka inu wogwira ndalama za eni. Nenani zoona, koma muziike pamalo pake: "Ndikulandira R7,500. Ndinalowa ngati wothandizira mu ofesi, ntchito inakula koma malipiro sanakule nayo, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna kusintha. Ndingakonde tikambirane potengera mpando uwu." Akanena kuti iwo amangowonjezera maperesenti ochepa pa zomwe munthu amalandira kale, afunseni modekha kuti mpandowo anaukonzera zingati. Ndaonapo funso limeneli likusintha nkhani.

Pafomu ya pa intaneti, ngati bokosilo likulola mawu, lembani manambala anu awiri aja. Ngati likufuna nambala imodzi, ikani yapakati. Mawu oti "negotiable" paokha sanena kanthu.

Nanga akakupatsani zochepera zomwe munatchula? Musayankhe pomwepo pafoni. Thokozani, pemphani kuti akutumizireni polemba, ndipo mupemphe tsiku limodzi kapena awiri. Kampani yabwino siibweza ntchito chifukwa munthu wapempha kugona nayo nkhani. Mukabwerera, pemphani kamodzi, momveka: mwasangalala, mukufuna kubwera, kodi angafike pakuti? Ngati ndalama zakanika, funsani za thiransipoti, za maola oyambira kuti mupewe mizere ya takisi, kapena kukulipirirani maphunziro. Ndipo chenjerani ndi mawu okoma aja oti "yambani kaye, tidzaonanso mukatha probation." Ndawamva akunenedwa ndi mtima wabwino, kenaka wonenayo n'kusamuka, wobwera m'malo mwake osadziwa kanthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati alonjeza kukweza pakatha miyezi itatu, zilembedwe mu kontilakiti, mwezi wake ndi ndalama zake.

Sindikunamizani kuti nthawi zonse mudzapeza zomwe mwatchula. Ntchito zikusowa m'dziko muno, ndipo pa mpando umodzi timalandira ma CV osawerengeka. Ngati zomwe akupatsani zili pamwamba pa nambala yanu ya mumtima ija, kampaniyo ndi yokhazikika, ndipo muphunzirako mapulogalamu a akaunti a pa kompyuta monga Sage kapena SAP zomwe zidzakukwezeni mtsogolo, kulandira si kugonja. Ngati zili pansi pake, kanani mwaulemu. Muli pantchito kale, simukuthamangitsidwa ndi kanthu, ndipo imeneyo ndi mphamvu yomwe ofunsira anzanu ambiri alibe.

Ndikudziwa kuti owerenga ambiri pano si a mu ofesi. Ndi a ntchito zam'nyumba, zam'munda wamaluwa, zaulonda, zam'malesitanti, ndipo intavyu yawo imachitikira pageti kapena pa WhatsApp. Abale anga, funso ndi lomweli, ndipo inu muli ndi poyambira polembedwa m'malamulo. Malipiro otsikitsitsa a dziko lino anayamba pa 1 Januwale 2019 ali R20 pa ola, ndipo pa 1 Malichi 2025 anafika pa R28.79 pa ola. Amawaunikanso chaka chilichonse, ndiye funsani atsopano. Kuyambira mu 2022 antchito am'nyumba ali pa mlingo womwewo ndi ena onse. Pa R28.79, wogwira maola 45 pasabata amayenera kupeza pafupifupi R5,614 pamwezi. Maola opitirira apo ndi ovataimu, yomwe imalipidwa kamodzi ndi theka. Ngati mukugona pantchito pomwepo, chipinda sichingadye malipiro anu onse: lamulo la antchito am'nyumba limalola kudula zosapitirira 10 peresenti. Madamu akafunsa kuti mukufuna zingati, yambani mwafunsa masiku angati, maola ati, ana alipo angati, kuchapa ndi kusita kuli momwemo kapena ayi. Mtengo umabwera ntchito itadziwika. Alonda, okonza magalimoto ndi oyendetsa mathiraki, inu muli ndi ma bargaining council omwe amaika malipiro a gawo lanu, ndipo nthawi zambiri amaposa otsikitsitsawo.

Pali nthawi zina pomwe nkhani imaposa malangizo anga. Ngati bwana akulipira pansi pa mlingo wa boma, kapena akudula ndalama zomwe simunagwirizane, pitani ku ofesi ya Department of Employment and Labour kapena ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito. Ku CCMA kudandaula n'kwaulere, ndipo simufunika loya kuti mutsegule nkhani. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okha oti mukadandaule, musachedwe ndi kudikira kuti abwana asintha mtima. Ngati mwapeza kuti mukulandira zochepa kuposa mnzanu wa ntchito yofanana chifukwa choti ndinu mkazi kapena chifukwa cha komwe munachokera, Employment Equity Act imaletsa zimenezo, ndipo nkhani yotere imakatulidwa pasanathe miyezi isanu ndi umodzi. Amene mapepala awo sali bwino ayambe afunsa uphungu ku mabungwe othandiza za malamulo mwaulere monga Wits Law Clinic kapena Lawyers for Human Rights, chifukwa nkhani yawo ili ndi mbali ziwiri, koma adziwe kuti mu 2008 khoti la za ntchito linagamula kuti mlendo amene pemiti yake yatha amatetezedwabe ngati wantchito. Ndipo ejenti aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti akupezereni ntchito, thawani. Employment Services Act ya 2014 imaletsa kulipiritsa wofuna ntchito. Ejenti amalipidwa ndi kampani.

Achemwali, Lachitatu madzulo ana akagona, khalani pampando ndi mnzanu kapena mlamu wanu, iye akhale bwana. Akufunseni funsolo, inu muyankhe mokweza, manambala onse awiri, m'Chingerezi, maso ali pa iye. Koyamba mawu adzanjenjemera, mwinanso mudzaseka ndi manyazi. Bwerezani mpaka nambalayo izituluka ngati mmene mumatchulira dzina la mudzi wanu. Mumuuze kuti mukamaliza kuyankha akhale chete dala, akuyang'aneni, kuti muzolowere kukhala osawonjezera kanthu. Lachinayi nyamukani m'mamawa, msewu wa N1 wopita ku Midrand umadzaza msanga, ndipo kakope kaja kakhale m'chikwama. Mukatuluka mundilembere, ndikufuna kumva kuti anati chiyani mutatchula.